Ndani Amaika Anthu M'makomiti a Chitukuko Kuno ku Chadiza?

NYIMBO YOTSEGULIRA: ikwere, kenaka itsike pang'onopang'ono.

 

WOULUTSA: Lero tikambirana za chisankho chimene ambiri mwa ife sitidziwa ngakhale tsiku lake. Sichibwera ndi zitenje za chipani kapena galimoto zokuzira mawu. Chimachitikira pabwalo la sukulu kapena pansi pa mtengo wa mango, nthawi zambiri anthu ali ochepa. Ndikunena za kusankha ndi kubwezeretsa pamipando anthu a m'makomiti a chitukuko: komiti ya wodi, imene tazolowera kuitchula kuti WDC, ndi komiti ya CDF. Tiona amene amawaika, nthawi imene amakhala pampando, ndi chimene chimayenera kuchitika nthawiyo ikatha. Itanani anzanu asendere pafupi ndi wailesi.

NYIMBO: pang'ono.

GAWO LOYAMBA: NDALAMA ZAKULA, MIPANDO YALEMERA

WOULUTSA: Tiyambe ndi ndalama, chifukwa ndi zimene zakuza nkhaniyi. Thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, CDF, lidayamba mu 1995, ndipo kwa zaka zambiri linali kathumba kochepa. Mu 2021 dera lililonse la phungu linkapatsidwa K1.6 miliyoni. Mu 2022 ndalamazo zidalumpha kufika pa K25.7 miliyoni. Mu 2023 zidafika pa K28.3 miliyoni, mu 2024 pa K30.6 miliyoni, ndipo bajeti ya 2025 idaika K36.1 miliyoni. Chichokere Vubwi kukakhala boma palokha mu 2012, mpaka zaka zimene ndatchulazi, boma la Chadiza lakhala dera limodzi la phungu. Choncho thumba lonselo dzina lake ndi lathu.

Malangizo a CDF a mu 2022 adagawa ndalamazi patatu. Akapatula zoyendetsera ntchito, pa K100 iliyonse K60 inali ya ntchito za mudzi wonse, monga makalasi, mijigo, milatho, madesiki ndi nyumba zodikiriramo amayi oyembekezera. K20 inali ya makalabu ndi makopaleti a amayi ndi achinyamata, ina yongopatsidwa, ina ya ngongole. K20 yotsalayo inali yolipirira ana ovutika ku sekondale zogonera komweko ndi ku sukulu za ntchito zamanja.

Tsono mverani bwino apa. Pempho la mjigo wa m'mudzi mwanu silingafike ku komiti ya CDF osadzera ku komiti ya wodi. Fomu ya mwana wamasiye wofuna thandizo la fizi imadzera komweko, ndipo ndi anthu a komitiyo amene amatsimikiza kuti mwanayo ndi wovutikadi. Fomu ya kalabu ya amayi yopempha chigayo kapena makina oyengera mafuta a mpendadzuwa imadzeranso m'manja omwewo. Kale munthu ankatha kunena kuti za komiti nzotaya nthawi. Lero wonena zimenezo wasiya tsogolo la mwana wake m'manja mwa anthu amene sakuwadziwa.

GAWO LACHIWIRI: MIPANDO ITATU, NJIRA ZITATU

WOULUTSA: Anthu ambiri amasokoneza khonsolo, komiti ya wodi ndi komiti ya CDF, ngati kuti ndi chinthu chimodzi. Tizilekanitse.

Choyamba ndi khonsolo ya Chadiza. Makhansala timawasankha tokha, wodi iliyonse wake, pa chisankho chachikulu cha zaka zisanu zilizonse, monga tidachitira pa 12 Ogasiti 2021. Chisinthire malamulo aakulu a dziko mu 2016, wapampando wa khonsolo timamuvoteranso tokha boma lonse, pamene kale ankasankhana makhansala okhaokha. Malamulo omwewo adapatsa mafumu malo m'khonsolo, osapitirira atatu. Makhansala akalumbira amasankha wachiwiri kwa wapampando pakati pawo, ndi kugawana m'makomiti a m'kati, monga ya zachuma, ya mapulani ndi ya zaumoyo. Makomiti amenewa amapenda nkhani ndi kuzitula ku msonkhano wa khonsolo yonse.

Pakhonsolo palinso munthu wina amene sitimuvotera: mlembi wa khonsolo. Iye ndi mkulu wa ogwira ntchito onse pamenepo, ndipo amalembedwa ntchito ndi bungwe la boma loona za ogwira ntchito m'makhonsolo. Musungeni m'mutu, tikumana naye posachedwa.

Chachiwiri ndi komiti ya wodi. Lamulo la Maboma Aang'ono la nambala 2 la 2019, pa ndime 36, likuti wodi iliyonse ikhale ndi komiti ya chitukuko, ndipo mamembala ake aziikidwa ndi mlembi wa khonsolo. Koma lamulo silidamusiyire mlembiyo kuti atole aliyense amene wamukonda. Lidatchula mipando yake. Pali woimira zoni iliyonse ya m'wodimo, wochita kusankhidwa ndi anthu a m'zonimo. Pali alangizi a boma: wa zaulimi kapena ziweto, wa zamaphunziro, wa zaumoyo ndi wa zachitukuko cha m'midzi. Pali woimira mfumu, woimira anthu olumala, woimira magulu osalidwa, woimira bungwe lomwe si la boma logwira ntchito m'wodimo, woona za achinyamata ndi masewera, woona za kusasiyana pakati pa amayi ndi abambo, ndi nthumwi ya khonsolo. Khansala nayenso ndi membala, mmodzi mwa ambiri.

Mukaona mndandandawu mupeza kuti anthu amalowa m'komitiyi panjira zitatu. Ena amalowa chifukwa cha ntchito yawo, monga mlangizi wa zaulimi. Akasamutsidwa, wobwera m'malo mwake ndiye amakhala pampandopo. Ena amatumidwa ndi gulu limene akuimira, monga woimira mfumu. Ena amavoteredwa ndi inu. Kalata yoika munthu pampando imasainidwa pa boma, inde, koma dzina la woimira zoni limachokera kumudzi. Mlembi alibe mphamvu yotulutsa dzinalo m'thumba mwake, ndipo khansala alibe mphamvu yomunong'oneza.

Chachitatu ndi komiti ya CDF. Iyi siiikidwa ndi khonsolo ayi. Lamulo la CDF la nambala 11 la 2018 lidapereka mphamvuyo kwa nduna yoona za maboma aang'ono, ndipo lidayala mipando motere: phungu mwini; anthu awiri oimira anthu wamba, otchulidwa ndi phungu; makhansala atatu, awiri osankhidwa ndi makhansala anzawo, mmodzi wotchulidwa ndi phungu; woimira mipingo ndi woimira mabungwe, onse otchulidwa ndi phungu; oimira mafumu awiri m'dera la mafumu angapo ngati lathu lino; ndi oimira akuluakulu atatu a pakhonsolo, wa mapulani, wa zomangamanga ndi wa zachuma. Werengani nane. Onse pamodzi ndi 13, ndipo 6 mwa iwo ndi phungu ndi anthu amene iye watchula. Nchifukwa chake lamulolo lidaletsa phungu kukhala wapampando wa komitiyo, ndipo nchifukwa chakenso mabungwe ena akhala akudandaula kuti dzanja la phungu lidachuluka. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idapanga lamulo latsopano la CDF, la nambala 1 la chaka chimenecho, lolowa m'malo mwa la 2018 lija. Maina a amene akukhala m'komitiyi lero si chinsinsi. Mungathe kukawafunsa pakhonsolo.

Mfundo yanga ndi iyi. Pa makomiti awiriwa, khomo lokhalo limene mlimi wamba amalowerapo ndi voti yake ndi msonkhano wa zoni. Likatsekeka limenelo, mawu athu alibe polowera.

NYIMBO: ya kwathu, mphindi imodzi.

GAWO LACHITATU: TSIKU LA MSONKHANO WA ZONI

WOULUTSA: Tiyeni tiuone msonkhanowo pafupi. Tiyerekeze zoni ya midzi isanu ndi umodzi, yozungulira sukulu ya pulayimale. Pakati pa midziyo ndi sukulu pali kamtsinje kamene m'chilimwe mwana amangolumpha, koma mu Januwale kamadzaza mpaka ana a giredi 1 amakhala milungu osaona bolodi. Aliyense m'zonimo akudziwa kuti pakufunika kamlatho.

Uthenga wa msonkhano wafika kwa nyakwawa dzulo madzulo, pa foni. Mwezi ndi Disembala, mvula yagwa usiku, ndipo wina aliyense walawirira kumunda kukabzala nshawa ndi soya. Kumudzi wina kuli maliro. Pofika 10 koloko pabwalo la sukulu pali anthu okwana mabenchi atatu okha, ambiri a iwo abambo a midzi iwiri yoyandikana ndi msewu. Wa kukhonsolo wafika pa njinga yamoto, mapepala ali m'chikwama cha pulasitiki, ndipo ali ndi zoni ina yoti akafikeko dzuwa lisanapendeke. Afotokoza mwachidule, apempha maina. Wina aimirira natchula mnzake, wina avomereza, voti ichitika, dzina lilembedwa. Pasanathe ola, zatha.

Palibe amene waba pamenepa. Malamulo atsatidwa. Koma wosankhidwayo amakhala tsidya lino la kamtsinje, ana ake saoloka madzi, ndipo chimene chimamuvuta iye ndi msewu wa ngolo wopita kumsika. Komiti ya wodi ikakhala pansi kusanja mapempho kuti loyamba ndi liti, iye adzalankhula za msewu ndi mtima wonse. Kamlatho kadzakhala pa nambala 7. Patapita chaka, amayi a tsidya lija adzaimba foni ku wailesi kunena kuti CDF imakondera. Kukonderako kudayambira pa mabenchi atatu aja.

Ndiye pali zinthu zimene tiyenera kupempha, ndipo si zapatali. Uthenga wa msonkhano uzifika masiku angapo tsikulo lisanakwane, udzere kwa nyakwawa, kumatchalitchi, kumizikiti, kusikelo ya ana ndi kusukulu. Tsiku lisagundane ndi kabwandire kapena nthawi yobzala. Ngati kwagwa zovuta, nyakwawa zipemphe kuti msonkhano usunthidwe. Kuchedwa sabata imodzi nkwabwino kusiyana ndi kudandaula zaka ziwiri ndi theka. Malo akhale apakati, oti agogo ndi anthu olumala angathe kufikapo. Ndipo asanatchulidwe maina, wa kukhonsolo afotokoze ntchito ya komitiyo m'Chichewa chomveka.

Ntchitoyo lamulo lidaitchula: kukonza pulani ya chitukuko cha wodi chaka ndi chaka, kusonkhanitsa ndi kusanja mapempho a anthu, kuyendera ntchito zimene zikumangidwa, kusunga kaundula wa za m'wodimo, ndi kutumiza malipoti kukhonsolo miyezi itatu iliyonse. Munthu woyenera ntchito yotere si wolankhulitsa pa maliro kapena wogula mowa pa bwalo. Ndi munthu amene amakhala m'zonimo chaka chonse, wosunga pepala osalitaya, wotha kuyenda mtunda, ndiponso wolimba mtima kuuza kontilakita kuti simenti yachepa m'matopemo.

Amayi, ndilankhule nanu padera. Kuno kwathu mudzi ndi wa mbumba, ndipo ngakhale ufumu umatsata kuchikazi. Pomanga kalasi, otunga madzi ndinu, otuta mchenga ndinu. Mjigo ukafa, woyenda mtunda ndi ndowa pamutu ndinu. Nanga pa msonkhano wa zoni mukhaliranji kumbuyo, kuombera m'manja maina a abambo okhaokha? Tchulanani. Mayi amene wasunga buku la banki ya m'mudzi zaka zitatu popanda ngwee kusowa angathenso kusunga mapepala a wodi.

GAWO LACHINAYI: KUMENE TACHOKERA

WOULUTSA: Achikulire amene akumvetsera anena kuti makomiti otere si achilendo, ndipo akunena zoona. Mu 1971 boma la Kenneth Kaunda lidapanga lamulo la kalembera ndi chitukuko cha midzi, limene lidakhazikitsa makomiti a m'midzi ndi a m'mawodi. Cholinga chinali chabwino, koma dziko litalowa mu ulamuliro wa chipani chimodzi makomitiwo adasanduka nthambi za UNIP. Lamulo la 1980 lidamanga pamodzi chipani ndi khonsolo, ndipo wotsogolera khonsolo adakhala gavanala woikidwa ndi pulezidenti. Munthu wopanda khadi la chipani analibe mawu pa za wodi yake.

Ndale za zipani zambiri zitabwerera, lamulo la 1991 lidalekanitsa chipani ndi khonsolo, ndipo mu 1992 anthu adavoteranso makhansala. Ndondomeko yotsitsira mphamvu kumaboma idavomerezedwa mu 2002 ndi kukhazikitsidwa mu 2004, nthawi ya Levy Mwanawasa. Koma makomiti a m'madera a zaka zimenezo analibe msana wa lamulo, ndipo analibe ndalama. Ankakumana, kulemba mapempho, mapemphowo nkukagona m'makabati. Anthu adatopa nawo.

Zinthu ziwiri ndi zimene zidafooketsa makomiti akale: kugwidwa ndi chipani, ndi kusowa ndalama. Lero lamulo lilipo chiyambire 2019, ndipo ndalama zilipo chiyambire 2022. Vuto lachiwiri lachepa. Koma loyamba lija silidafe, ndipo kumene kwachuluka ndalama nkumene limathamangira. Boma limanena momveka kuti komiti ya wodi si ya chipani. Mjigo umamwetsa wa chipani cholamula ndi wotsutsa yemwe, ndipo woukonzera pulani aziyankha kwa onsewo.

Abale athu a ku Malawi adaona mbali ina ya nkhaniyi. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lawo lidakhala lopanda makhansala, ndipo za chitukuko cha kumidzi zidatsamira pa mafumu ndi makomiti a m'midzi ndi a m'madera, a VDC ndi ADC. Izi zikutisonyeza kuti makomiti a pansi ndi amene amatsala ndi anthu ngakhale za pamwamba zitasokonekera. Ndi chifukwa china chowasankhira mosamala.

NYIMBO: pang'ono.

GAWO LACHISANU: NTHAWI IKATHA

WOULUTSA: Tafika pa gawo limene timalinyalanyaza koposa. Membala wa komiti ya wodi amakhala pampando zaka ziwiri ndi theka, ndipo angathe kubwezeredwapo kwa zaka zina ziwiri ndi theka. Zimenezi zikutanthauza kuti pa zaka zisanu za khansala mmodzi, anthu a m'zoni ali ndi mpata pakatikati woti ayang'ane m'mbuyo ndi kunena kuti apitirize kapena apume.

Kubwezera munthu pampando si kulakwa. Munthu amene waphunzira kulemba pempho la ntchito, amene akudziwa ofesi ya mapulani ndi ya zomangamanga, amene waona kale mmene kontilakita amazembera, ndi chuma cha wodi. Kusintha onse nthawi imodzi ndi kuyambanso maphunziro pachiyambi, ndipo mapempho amachedwa. Ngati munthu wagwira bwino, mubwezereni ndi manja awiri.

Cholakwa ndi kubwezera mwakachetechete. Nthawi imatha, palibe woitanitsa msonkhano, a komiti amangopitiriza kusaina mafomu, ndipo anthu amaiwala kuti mpandowo unali wobwereka. Pang'ono ndi pang'ono munthu amayamba kunena kuti "wodi yanga", "ntchito zanga", ndipo wofuna fomu ya fizi amayamba kupita kunyumba kwake atanyamula nkhuku. Mpando wa zoni udabwera ndi voti, ndipo ngati ukupitirira, anthu omwewo afunsidwe.

Pa msonkhano wotero musamangofunsa kuti, "Kodi apitirize?" Funso limenelo limachititsa manyazi, ndipo pamaso pa munthu palibe amene amakana. Yambani ndi mafunso a ntchito. Pa zaka ziwiri ndi theka zapitazi, mwatiitana kangati kudzatiuza zimene mwakambirana ku wodi? Ndi mapempho ati a zoni ino amene mudapereka, ndipo adathera pati? Ana amene adalandira thandizo la fizi ndi a midzi iti, ndipo adasankhidwa bwanji? Makalabu amene adalandira ndalama alipodi, kapena adabadwa sabata yolemba mafomu? Pamene kalasi inkamangidwa mudapitako kangati, ndipo mudaona chiyani? Munthu wogwira ntchito amayankha mafunso awa mosavuta, mwinanso mokondwa, chifukwa kwa nthawi yoyamba anthu aona thukuta lake. Akatha kuyankha, aliyense wofuna kupikisana naye atchulidwe, ndipo voti ichitike.

Dziwaninso kuti mpando ungathe kukhala wopanda munthu nthawi isanathe. Membala akamwalira, akatula pansi udindo, kapena akajomba misonkhano itatu yotsatizana popanda chifukwa chomveka, malo ake amatseguka. Zikachitika pa mpando wa zoni yanu, musadikire. Nyakwawa zidziwitse mlembi wa khonsolo kuti zoni isakhale yopanda mawu pamene anzanu akusanja mapempho.

Pali nkhani ya ubale. M'midzi mwathu tonse ndife abale, wina ndi mlamu, wina ndi mphwa, wina ndi msuweni. Sitinganene kuti wa komiti asakhale ndi m'bale wopempha thandizo. Chofunika nchakuti pamene akukambirana fomu ya mwana wa mlongo wake, kapena ya kalabu imene muli mkazi wake, aulule ubalewo ndi kutuluka panja mpaka anzake atamaliza, ndipo zilembedwe m'buku la msonkhano. Pobwezera munthu pampando, funsani ngati adachitapo zimenezi.

Pali nkhaninso ya munthu mmodzi wokhala paliponse. Kumudzi kuli makomiti ambiri amene saikidwa ndi khonsolo: CWAC yoona za mtukula pakhomo wa okalamba ndi ovutika, komiti ya zaumoyo ya pachipatala chaching'ono, komiti ya zaulimi yoona za feteleza wa FISP, komiti ya mjigo, ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi. Mupeza bambo mmodzi ali m'makomiti anayi, tsono akufunanso wa zoni. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Misonkhano imagundana, ntchito imaima, ndipo choopsa kwambiri nchakuti mndandanda wa feteleza, wa mtukula pakhomo ndi wa fizi yonse imadzera pakhomo limodzi. Amene wakangana ndi bambo ameneyo pa malire a munda wataya zonse. Gawanani mipando. Achinyamata omaliza giredi 12 ali mbwee m'midzimu. Apatseni mpata aphunzire pafupi ndi achikulire.

Ndisaiwale mbali ya a komitiwo. Anthu amenewa salandira malipiro a pamwezi. Amapalasa njinga zawo, amagula okha mayunitsi a foni, amasiya minda yawo, ndipo pempho likachedwa kuvomerezedwa pamwamba, otukwanidwa ndi iwo. Ambiri ndi anthu okhulupirika. Khonsolo ili ndi ngongole kwa iwo: kuwaphunzitsa ntchito akangosankhidwa, kuwapatsa mapepala ndi mafomu nthawi yabwino, ndi kuwayankha pempho likakanidwa kuti akhale ndi chokauza anthu. Ifenso tili nayo ngongole: akaitana msonkhano, tizipita.

GAWO LACHISANU NDI CHIMODZI: MAFUNSO AMENE AMABWERA KAWIRIKAWIRI

WOULUTSA: Funso loyamba: kodi khansala angachotse woimira zoni chifukwa sagwirizana naye? Ayi. Khansala ndi membala mnzake. Si iye amene adamuika, ndipo kusiyana maganizo si mlandu. Ngati pali dandaulo lenileni, lipite kwa mlembi wa khonsolo molemba, ndipo wodandaulidwayo amvedwe.

Funso lachiwiri: kodi mfumu kapena nyakwawa ingatchule woimira zoni? Mfumu ili ndi mpando wake m'komitiyo, wa woimira mfumu, ndipo imatuma amene yamukhulupirira. Mpando wa zoni ndi wina, wa voti ya anthu. Ntchito yaikulu ya nyakwawa pamenepa ndi kumema anthu ndi kusungitsa bata, ndipo nyakwawa ikamema, anthu amabwera.

Funso lachitatu: komiti yathu yapitirira nthawi yake, tichite chiyani? Yambani mwafunsa wapampando wa komitiyo tsiku limene lili pa kalata yake. Kenaka lembani kalata yaifupi kwa mlembi wa khonsolo, musaine anthu angapo pamodzi ndi nyakwawa, ndipo musunge kope yanu. Funsani tsiku limene komiti idaikidwa ndi tsiku la msonkhano wa zoni wotsatira. Dziko lathu lili ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma, la nambala 24 la 2023, kotero kufunsa zotere si mwano.

Funso lachinayi: kodi munthu wamba angalowe mu msonkhano wa khonsolo? Inde. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu, kupatula pamene khonsolo yagwirizana kukambirana nkhani ina padera. Simudzavota kapena kulankhula, koma mudzamva ndi makutu anu ngati khansala wanu watchula za wodi yanu.

NYIMBO: iyambe chapansipansi.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, abale anga. Ndikusiyirani ntchito zitatu zoti muchite sabata ino. Yoyamba, dziwani dzina la zoni yanu ndi la munthu amene akukuimirani m'komiti ya wodi. Ngati simukumudziwa, funsani a nyakwawa kapena aphunzitsi aakulu. Yachiwiri, mufunseni mwezi ndi chaka chimene adalandira kalata yake, muwerengere zaka ziwiri ndi theka, ndipo tsikulo mulilembe pa kalendala ya kutchalitchi kapena m'buku la mudzi. Yachitatu, pemphani kuti asanapite ku msonkhano wotsatira wa wodi ayambe wakhala nanu pansi, mugwirizane chimene zoni yanu ikufuna poyamba.

Mukapeza mayankho, tiuzeni kuno ku wailesi, pa foni kapena pa kalata, mutchule wodi yanu. Amene mukukhala m'makomitiwa, tiuzeninso zimene zikukuvutani pa ntchito. Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzatsata ulendo wa pempho limodzi, kuchokera pa msonkhano wa zoni mpaka tsiku limene kontilakita afika ndi simenti, kuti tione pamene mapempho amachedwera.

 

NYIMBO YOTSEKERA: ikwere mpaka kumapeto.